Ulusi pa Dzino la Bwana Mvuu

Kalekale... Iii, koma ana inu! Ndati kalekale, inu mwangoti duu ngati matumba a chimangawa. Muyankha kapena ndisiye? Eya, "tili tonse," choncho. Magetsi azimawa sabwera msanga, chigayochi sichilira dzuwa lisanapendeke, ndiye tulani madengu mukhale pansi. A Nangondo, sunthirani kuno kumthunzi, nthanoyi si ya ana okha. Nawe Sungeni, iwe wa kukoleji, chotsa foniyo kukhutu. Nkhaniyi ndi ya kwanu komweko.

Kalekale, nyama zinali ndi koleji yawo. Inali pakati pa dambo lalikulu, dzina lake Koleji ya Chidambo. Mkulu wa kolejiyo anali Bwana Mvuu. Thupi ili! Khosi panalibe, mutu unangomera pamapewa. Ofesi yawo inali dziwe. Ukapita kukawafuna, umangopeza timakutu tiwiri pamwamba pa madzi, thovu likutuluka bwibwibwi. Pamsana pawo pamakhala pataima wachiwiri wawo, Kakowa, mbalame yoyera ija ya miyendo ngati bango, n'kumati, "Pepani, bwana ali pamsonkhano."

Kakowayu ntchito yake inali imodzi, kuvomera. Bwana akati kukutentha, "Ndithudi bwana, kukutentha." Bwana akati kukuzizira, "Ndimati ndinene zomwezo, bwana." Bwana akageya, Kakowa amawomba mapiko.

Tsono pakolejipo panali mwambo wotchedwa moni wa m'manja. Wophunzira aliyense akafika pachipata m'mawa, asalowe chimanjamanja. Uyu dzungu, uyu nzimbe, uyu chimanga chachiwisi, uyu mbatata. Mulu umakula mpaka kubisa chipata. Ukafunsa kuti zimenezi zimapita kuti, Kakowa amati, "Ndi zachitukuko cha koleji." Chitukukocho palibe anachionapo. Denga la kalasi linkadontha, bolodi inali yong'ambika pakati, koma lamba wa Bwana Mvuu ankawonjezeredwa zibowo chaka ndi chaka.

Pakati pa ophunzira panali Nkhono. Kwawo kunali kutsidya kwa dambo, pansi pa nthochi. Iye ankafuna kuphunzira kumata zigoba, phunziro limene ankaphunzitsa Mayi Nkhanga. Musaseke, ana inu, nkhani yake inali yowawa. Kumudzi kwa nkhono chigoba chikang'ambika kunalibe womata. Wovulalayo ankangouma pang'onopang'ono abale ake akuyang'ana. Nkhono anaziona zimenezi mpaka mtima unamuwawa, ndiye anati, "Ine ndikaphunzira basi."

Vuto linali ulendo. Ankanyamuka m'mamawa, katsamba ka moni kali pamsana. Kukwawa, kukwawa, dovu m'mbuyo. Kukwawa, kukwawa, dovu m'mbuyo. Akangoti wafika pachipata, belu lowerukira ngee, ngee, ngee! Anzake akutuluka, Mayi Nkhanga akufuta bolodi.

"Mwaphunzitsa chiyani lero, madamu?"

"Kumata mng'alu wa m'mbali, mwanawe. Koma tamaliza."

Mawa lake chimodzimodzi. "Tamaliza." Mkuja, "Tamaliza." Nkhono anakhala m'chaka choyamba mpaka anzake amene anayamba nawo anakwatiwa, ana awo n'kudzamupeza m'kalasi momwemo.

Koma kuchedwako kunamuonetsa chimene anzake ofika msanga sankachiona. Onse akapita, pachipata pali zii, madzi a mu ofesi ankagawikana. Phwaa! Bwana Mvuu atulukira. Kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, kenako n'kuchiyamba chitukuko chija. Maungu phwa, phwa, phwa. Nzimbe kukutu, kukutu. Mbatata sankatafuna n'komwe. Nkhono ankangolowa m'chigoba n'kukhala ngati kamwala, maso okha ali panja. Sanauze aliyense.

Tsiku lina bwana atamaliza mulu anaona katsamba kofota kakuyenda kokha. Anawerama.

"Iwe ndiwe ndani?"

"Ndine wophunzira wanu, bwana. Nkhono."

"Wophunzira wanga? Sindinakuonepo m'kalasi ine. Amene sindikumuona ndi maso angawa sakuphunzira. Nanga moni wako uli kuti?"

"Ndi umenewu, bwana."

"Katsamba aka? Ukundinyoza eti? Tsiku la mvula yoyamba dzina lako ndi limene ndidzayambe kutchula."

Mvetsani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pakolejipo, mitambo ya mvula yoyamba ikasonkhana, ophunzira onse ankabwera pabwalo, ndipo mkulu wa koleji ankatchula ndi pakamwa pake maina a ochotsedwa. Wotchulidwa ankapita kwawo osabweranso. Koma dzina limayenera kutchulidwa dontho loyamba lisanagwe. Dontho likagwa ndiye kuti chaka chatsekedwa, amene sanatchulidwe wapulumuka, akalemba mayeso.

Nkhono anabwerera akulira. Kulira kwa nkhono n'kovuta kukuzindikira, chifukwa misozi ndi dovu zimafanana. Koma pansi pa mkuyu wina panali wina amene anazindikira. Ameneyu anali Kangaude, mmisiri wa ulusi, wamanja ambiri ndi mtima wapachala.

"Ukulira chiyani, mlongo? Wanyowetsa njira yonse."

Nkhono anafotokoza za kuchedwa kwake ndi za dzina lake loti litchulidwe. Kangaude anaseka n'kunena kuti, "Ukuvutikiranji kupita kumene kuli mawu? Mawuwo abwere kumene uli iwe. Gunda nyanga yako pa ulusi uwu." Anathamangira kumtengo wina kutali, n'kunong'oneza pa ulusiwo. Nkhono anamva mbee, ngati akumulankhula pakhutu: "Wadya kale?" Anadzidzimuka mpaka kugwa chagada. Ndi zimenezi zimene Sungeni amati intaneti, ife tinazimva kalekale kwa Kangaude.

Anapita nazo kwa Mayi Nkhanga. Iwo anakondwa, koma anati, "Ine ndilibe mphamvu, ana anga. Pakoleji pano ngakhale kusuntha mpando, avomereze kaye ndi bwana."

Anapita ku ofesi atatuwo, Nkhono atakwera pamsana pa madamu. Kangaude anafotokoza bwinobwino. Bwana Mvuu anamvetsera diso limodzi lili tsekeni.

"Maphunziro a pa ulusi? Kodi ana a sukulu ndi zovala kuti tiziwayanika pachingwe?"

"Ndithudi bwana, si zovala," anatero Kakowa.

"Ine ndinaphunzira fumbi la choko lili m'mphuno. Amene sanayetsemule choko sanaphunzire."

"Choko tikhoza kuwatumizira kwawo azikayetsemula komweko, bwana," anayankha Kangaude.

"Khala chete! Nanga wina akamaphunzira atagona chagada, miyendo ili m'mwamba, ine ndidziwa bwanji?"

"Bola amve, bwana."

"Bola amve! Wamva, Kakowa? Nanga ndikamadutsa, adzaimirira ndani? Ndizidutsa pakati pa mipando yopanda anthu, mipando izindipatsa ulemu? Nanga ulusiwo ukamva nzeru zathu n'kukaziulula kwa adani?"

Anatchula zifukwa mpaka dzuwa linapendeka. Chifukwa chimodzi chokha ndi chimene sanatchule, mulu wa pachipata uja. Pomaliza anati, "Nkhaniyi ndi yaikulu, ipite kukomiti."

Komitiyo wapampando anali Bwana Mvuu. Mlembi, Bwana Mvuu. Msungichuma, mukuganiza anali ndani? Eya. Membala wamba anali Kakowa, koma poti misonkhano inkachitikira pansi pa madzi, iye ankangotumiza mawu opepesa. Komiti siikumana ndi njala, choncho moni wa m'manja anauwonjezera. Itakumana, itakumananso, komiti inagamula kuti pakhale komiti ina yoona zimene komiti yoyamba yaona.

Zikanathera pomwepo. Koma tsiku lina Kakowa anabwera ndi mphekesera kuti kuphiri, ku koleji ya a Njati, atsegulira maphunziro a pa ulusi. Kunali mwambo waukulu, alendo anadya mpaka kumasula malamba, a Njati anavala mkanjo wofika pansi.

Bwana Mvuu anavuuka m'madzi phwaa! "Njati watsegulira? Njati yemwe uja? Ife bwanji sitinatsegulire?"

"Paja munakana, bwana."

"Ndinakana ulusi! Mwambo wotsegulira ndinaukana liti? Kaitane Kangaude!"

Kangaude anagwira ntchito mpaka manja ake onse anachita matuza. Ulusi kupita kunthochi kwa a nkhono, ulusi kupita kuzulu kwa achiswe, ulusi kupita kumapanga kwa mbira. Ulusi wonsewo unakumana pa ulusi umodzi waukulu, umene anaukunga kutsogolo kwa kalasi, uli nyezinyezi padzuwa.

Tsiku la mwambo linafika. Achule anaimba kwaya. Zakudya zinali mbwee. Nkhono anali kwawo, nyanga ili pa ulusi, akumva zonse kwa nthawi yoyamba pa moyo wake. Bwana Mvuu analankhula za masomphenya awo, analankhula za tsogolo, analankhulanso za masomphenya aja. Kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Liboni ili kuti?"

Kakowa anazizidwa. Liboni anaiiwala. Koma bwana anaona chinthu chokungika bwino, chonyezimira, chili pamaso pawo penipeni. Anati, "Oo, mwakonza kale." Sizasi panalibe, ndiye anatola Nkhanu amene anangobwera kudzaonerera, n'kumugwira kumsana.

"Bwana, umenewo si..." anakuwa Kangaude.

"Ndikulengeza kuti maphunziro a pa ulusi ndawatsegu..."

Dule!

Kwa Nkhono kunangoti zii. Ulusi wonse wa m'dambo unagwa pansi lobodo. Achule anakweza nyimbo, alendo anawomba m'manja, nthungululu zili apo. Kangaude anakomoka, miyendo yonse m'mwamba, ndipo alendo ena ankaganiza kuti ndi gule.

Atatha kudya, bwana anapukuta pakamwa n'kuti, "Mwaona? Ndinanena ine, zinthu zosalimba izi. Kungokhudza pang'ono zaduka. Komabe tatsegulira. Aliyense akafunsa, ife tinatsegulira."

A Nangondo, mukuseka chiyani? Mwakumbuka mjigo uja eti? Musandiyambitse, ine ndikunena za nyama.

Dzuwa linayamba kutentha kwambiri, nyenje zikulira, kum'mawa timitambo tikusuzumira. Nkhono anadziwa kuti tsiku lake layandikira. Mantha anamugwira ndithu, chakudya sichinkalowa. Anakwawa kupita kumkuyu kuja n'kupeza Kangaude akumanga katundu.

"Ndikupita, mlongo. Ine ndi mvuu ayi. Munthu wodula ntchito yanga ndi nkhanu!"

"Achimwene, lukaninso."

"Ndilukenso kuti adzadule ndi chiyani ulendo uno? Ndi ng'ona?"

"Tamverani. Inu mumawayankha bwana za choko, za miyendo m'mwamba, za adani. Zonsezo ndi zapakamwa chabe. Bwana saopa ulusi, akuopa njala." Ndiye anamuuza za mulu wa pachipata, mmene umathera anthu akaweruka. Kangaude anakhala pansi, n'kumasula katundu pang'onopang'ono. Ananong'onezana mpaka mthunzi wa mkuyu unasuntha.

Kangaude ataulukanso ulusi uja mwakachetechete, Nkhono anauyamba ulendo wa ku ofesi. Kukwawa, kukwawa, dovu m'mbuyo. Anapeza timakutu tiwiri pamwamba pa madzi.

"Bwana ali pamsonkhano," anatero Kakowa.

"Musawasokoneze, a Kakowa. Ndangobwera kudzatsanzika, poti dzina langa likutchulidwa posachedwa. Ine zanga zatha. Chisoni changa chili pa maungu okha."

Timakutu tija tinagwedera. Mphuno zinatulukira. "Maungu ati?"

"Amene akudya a Njati, bwana. Pepani, ndimayesa mukudziwa."

Mutu wonse unavuuka. "Lankhula!"

"Kuphiri kuja, bwana, ophunzira achuluka. Amene sakanatha kufika ndi miyendo, onse analembetsa, mbira za kumapanga, achiswe, mileme, ndi ena a kutali kosaoneka. Ndipo aliyense moni wa m'manja amatumiza pa ulusi pomwepo. A Njati akungokhala, zinthu zikubwera zokha."

"Bodza! Dzungu lingayende bwanji pa ulusi?"

"Nanga mawu amayendapo bwanji, bwana? Mawu alibe ndi miyendo yomwe. Dzungu ndiye bola, ndi lobulungira."

Bwana Mvuu anaganiza. Kuganiza kunali kowavuta, madzi anachita kutentha. Kenako anati, "Ndione ndi maso."

"Tayasamulani pang'ono, bwana."

Anayasamula. Kangaude, amene anali atabisala pamwamba pa mgwalangwa, anakoleka mtedza umodzi pa ulusi n'kuutaya. Tswiiii, pho! Pa lilime penipeni. Bwana anatafuna, maso ali tuzu.

"Wokazinga!"

"Umenewo ndi woyesera chabe, bwana," anatero Nkhono. "Zazing'ono zimafika msanga. Zazikulu zimachedwerapo."

"Kangaude, tsika! Kolejiyi iyenera kuyenda ndi nthawi, ndakhala ndikunena zimenezi ine."

"Ndithudi bwana, mwakhala mukunena."

"Koma mverani. Ulusi waukulu uja usatherenso kukalasi. Ana angabe zachitukuko. Nkhanga sindimukhulupirira. Kakowa yemweyu sindimukhulupirira."

"Ndithudi bwana, musandikhulupirire."

"Uthere mu ofesi muno. Chilichonse choyenda pa ulusi, kaya ndi phunziro, kaya ndi dzungu, chidutse mwa ine."

Nkhono anayang'ana uku ndi uku ngati wothedwa nzeru. "Koma timange pati, bwana? Mu ofesi muno mulibe mtengo, ndi madzi okhaokha."

Bwana anaseka, kuseka kwa munthu woona kuti anzake onse ndi mbuli. Anayasamula n'kuloza dzino lawo lalikulu lam'munsi. "Apa!"

Mwamva, ana inu? Palibe anawakakamiza. Analoza okha.

Kangaude analowa m'kamwamo n'kumanga mfundo yolimba. Potuluka anati, "Lamulo lake ndi limodzi, bwana. Mukatseka pakamwa ulusi ukhwepa, ndipo chilichonse chimene chili m'njira chibwerera kumene chachokera, kukayambiranso."

"Aaa," anavomera bwana, kukamwa kuli yasa.

Poti phunziro lililonse limayenera kudutsa mwa bwana, Mayi Nkhanga ankaphunzitsira pamlomo wam'munsi wa bwanawo, ataima chopenyera m'kati. Tsiku loyamba anapeza kuti fungo lake silinali la maluwa. Koma atangoti, "Mwadzuka bwanji ophunzira?" anadabwa okha. M'kamwa mwa bwana mawu ankamveka ngati m'tchalitchi. Mawuwo analowa, anazungulira, n'kutuluka pa ulusi ali amphamvu, mpaka mbira za kumapanga zinayankha kuti, "Tadzuka bwino, madamu!"

Nkhono pansi pa nthochi anamva phunziro kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Analira, ulendo uno ndi chimwemwe. Anaphunzira kumata mng'alu wa m'mbali, mng'alu wa pamwamba, ndi kasakanizidwe ka utomoni ndi dothi la pachulu. Ankamva lero, mawa n'kukayesa pa chigoba cha mnansi.

Zovuta zinalipo, sindikubisirani. Dzuwa likafika pamutu bwana ankayamba kuwodzera. Chibwano chimatsika, chimatsika, ulusi n'kukhwepa. Pamenepo dambo lonse limakuwa, "Netiweki! Netiweki yathawa!" Kakowa amathamanga kukawajompha khutu. "Bwana, dzungu libwerera!" Bwana n'kudzambatuka, kukamwa yasa, phunziro n'kupitirira. Akaoneka kuti atopa kwambiri, Kangaude amatumiza kamtedza. Tswiii, pho! Mtima wa bwana m'malo.

Pachipata ndiye panauma. Ophunzira ankaphunzira ali kwawo, moni wa m'manja anali mtedza umodziumodzi wa pa ulusi. Lamba wa bwana anayamba kubwerera m'mbuyo, chibowo ndi chibowo. Kudya kwenikweni osadya, kugona kwenikweni osagona, kulankhula ndiye ayi. Maso anafiira. Pang'onopang'ono zinayamba kuwalowa m'mutu kuti kankhono kaja kawapusitsa.

Ndiye tsiku lija linafika. Mitambo inada bii, mphepo ikununkha dothi. Ophunzira okhala pafupi anasonkhana m'mbali mwa ofesi, akutali anagunda makutu pa ulusi. Nkhono anali kwawo, nyanga ili pa ulusi. Anadziwa kuti bwana akangotseka pakamwa n'kutchula dzina lake, zonse zimene waphunzira zipita pachabe, mayeso salemba, ndipo kwawo sadzamulolanso kukhudza chigoba cha munthu iye alibe satifiketi.

Kakowa anakonza kukhosi. "Bwana, nthawi yotchula maina yakwana."

Bwana Mvuu anayang'ana kutsidya, kunthochi kuja, ndi diso loti lero uona. Chiphaliwali ng'ani! Bingu gugugu! Chibwano chinayamba kutsika. Ulusi unayamba kukhwepa. Mayi Nkhanga anadumpha kuthawa. Kangaude anaphimba maso ake onse.

Pamenepo m'kamwa mwa bwana momwemo munatuluka timawu tating'ono, taulemu, aliyense akumva.

"Bwana, ndi Nkhono kuno. Ndimati ndikudziwitseni kuti dzungu lanyamuka."

Chibwano chinaima.

"Ndi lalikulu, bwana. Kuno tinachita kuitana mudzi wonse kuti tilithyole."

Chibwano chinakwera pang'ono. Koma bwana anakumbuka mkwiyo wawo, n'kuyambanso kutsitsa.

"Lakupsa bwino, bwana. M'kati mwake muli psuu, louma ngati chinangwa, lopanda madzi."

Dovu la bwana linayamba kuyenderera. Chibwano m'mwamba. Bingu gugugu! Chibwano pansi.

"Koma ngati mukufuna kutseka, tsekani, bwana, musavutike chifukwa cha ife. Libwerera, tidya kuno. Ana akulilira kale."

Ha! Mukanawaona Bwana Mvuu. Mtima ukuti tchula dzina, mimba ikuti usayerekeze. Chibwano chikukwera, chikutsika, chikukwera, chikutsika, ngati mvukuto. Thukuta lili kamukamu. Anayesa kutchula dzinalo pakamwa pali potsegula, koma chimene chinatuluka ndi "Aaa, ooo," ndipo Kakowa anati, "Ndithudi bwana," osadziwa chimene akuvomera. Pomaliza mimba inapambana. Kukamwa kunati yasa, kuposa masiku onse.

Tho! Dontho loyamba linagwera pa lilime lawo lomwelo.

Mvula inakhuthuka waa! Achule anayamba kwaya osauzidwa. Chaka chinatsekedwa popanda dzina lotchulidwa, ndipo ngakhale ena amene ankayenera kuchotsedwa chifukwa cha ulesi weniweni anapulumukira pomwepo. Nkhono analemba mayeso pa ulusi, dambo litasefukira, ndipo anakhoza bwino kwambiri. Chaka chimenecho kumudzi kwa nkhono palibe anauma ndi chigoba chong'ambika.

Madzi ataphwera kunabwera oyendera makoleji. Anapeza mkulu wa koleji ali m'madzi, kukamwa kuli yasa, ulusi wonse wa m'dambo uli padzino lake. Oyenderawo anagwira pakamwa modabwa. "Kudzipereka kotere sitinakuoneko! Ena amangolankhula za maphunziro a pa ulusi, awa awanyamula ndi dzino lawo!" Anawaveka mendulo. Kakowa anaima pamsana n'kulengeza kuti, "Bwana akuti maganizo amenewa anali awo kuyambira pachiyambi, kungoti ena ankawabweza m'mbuyo." Tsopano ulusi uja akanaumasula bwanji, mendulo ili pachifuwa?

Alendo atapita, bwana anakodola Kakowa ndi khutu, n'kuloza kumimba. Kakowa anamva. Anagunda mlomo pa ulusi.

"Nkhono, bwana akufunsa kuti dzungu lija lili kuti?"

"Lili m'njira, a Kakowa. Ine sindinaname. Kungoti pa ulusi linalemera, ndiye likudzera pansi. Akulikankha amalume anga ndi azakhali anga, ananyamuka tsiku la mvula lomwe lija."

"Tsono afika pati?"

"Ayenda ndithu. Dzulo adutsa nthochi ya kuseri kwa nyumba."

Bwana anabuula mpaka ulusi unanjenjemera.

"Auzeni bwana apirire," anatero Nkhono. "Njira yake ndi yomwe ija ndinkayenda ine tsiku ndi tsiku. Amafika ndithu, kungoti amapeza belu litalira."

Mpaka lero, mukapita kumtsinje, mudzaona mvuu ikuvuuka m'madzi n'kutsegula kukamwa konse, kuyang'ana kutsidya. Anthu amati ikuyasamula. Sikuyasamula kumene kuja, ikudikira dzungu.

Ndiye iwe Sungeni, mabwana a kwanuko akamakana chinthu ndi mawu ataliatali, usatope ndi kuyankha mawuwo. Udzafike mochedwa tsiku lina, anthu ataweruka, uone chimene chimatsala pachipata ndi amene amachidya. Ndipo ukakwera pachulu paja ndi foni yako, phunziro lili pakati netiweki n'kuthawa, usatukwane foni, yalakwanji? Bwana awodzera, wina akawajomphe khutu.

Tamverani! Chigayo chalira, magetsi abwera. Nthano yanga yathera pomwepa, amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule isanapserere. A Nangondo, bwezani dengu lanulo m'mbuyo, ndakuonani mukulikankha ndi phazi nthano ili m'kati. Loyamba ndi langa.